Dengu la Zipatso Zoyamba M'mbali mwa Msewu



Kuno kwa Nsabwe chaka cha Mpingo chimayambira limodzi ndi chaka cha khasu. Amene anakonza kalendala ya Mpingo sanaganizire za ife, pakuti kwawo Adiventi imagwa m'nyengo yachisanu, mitengo itayoyola masamba ndipo minda itagona. Komabe kwathu kuno zinthu ziwirizi zinakumana bwino. Pamene tikuyatsa kandulo yoyamba ya Adiventi, chizimalupsa chimakhala chitapita kale, mvula yobzalira itagwa kapena ili m'njira, tiyi wa m'maesiteti atayamba kuphukira mwamphamvu. Ndipo m'mbali mwa msewu wochokera ku boma la Thyolo, wodutsa ku Makwasa kulowera ku Thekerani, timathandala timene tinali mbuu ndi fumbi chilimwe chonse timayambanso kubiriwira. Sabata ino tati tilingalire za timathandala timeneti, chifukwa ambiri a ife tinakulira pambali pake, ndipo makope athu oyamba anagulidwa ndi ndalama zochokera pamenepo.

Kathandala si kanthu kodabwitsa ayi. Ndi mphanda zinayi, nsungwi zong'amba pamwamba, mwinanso kadenga ka udzu kapena pepala lakuda la pulasitiki lotsala pofolera nyumba. Ena alibe ngakhale thandala, amangoyala thumba lakale la feteleza pansi pa mtengo. Kumbuyo kwake kuli munda, ndipo kawirikawiri ukaponya maso umauona wonse mpaka m'malire mwake. Wogulitsa ndi yemwe analima. Apa ndi pamene kathandala kasiyanirana ndi msika wa ku Bvumbwe kapena wa ku Limbe, kumene ndiwo zimafika zitadutsa m'manja mwa opikula angapo. Pathandala ndalama imachoka m'dzanja la wogula n'kugwera m'dzanja lomwe lija linagwira mpini wa khasu.

Oyamba kufika ndi mango: timango ta kalisere totsekemera ngati uchi, timene ulusi wake umatsalira m'mano tsiku lonse, ndi a maboloma akuluakulu amene limodzi lokha limakhutitsa mwana. Masuku amabwera m'timbale, otoledwa mbandakucha mbuzi zisanafikeko. Mvula ikagwa usiku wonse, m'mawa mwake pamaoneka ngumbi zokazinga ndi mchere, ndipo patapita masiku angapo bowa amatulukira. Chakumapeto kwa Disembala zinanazi zimayamba kununkhira. Koma chimene chimadzaza thandala kwenikweni ndi masamba. Bonongwe, chisoso, luni ndi denje kawirikawiri sizichita kubzalidwa. Zimangomera zokha m'mizere ngati mphatso imene nthaka yapereka isanapemphedwe. Pambuyo pake pamabwera nkhwani zanthete, khwanya ndi chitambe. Amene ali ndi kadimba m'mphepete mwa mtsinje, ndipo anapirira kuthirira ndi ndowa mu Seputembala ndi Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndi amene amaika pathandala chimanga chachiwisi pamene cha anzake chili m'mawondo.

Wodutsa pa galimoto akaona zonsezi amati: koma anthu a ku Thyolo ndi odala! Zoona, ndi zokongola. Koma ife amene timadziwa khomo limene zachokera tikudziwanso chinthu chimene maso a mlendo sangaone. Zokolola zoyambazi zimafika pamene nkhokwe yatha kapena yatsala pang'ono kutha. Chimanga cha m'munda sichidzacha mpaka Malichi kapena Epulo. Miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale ndiyo imene mabanja ambiri amadya kamodzi patsiku, imene bambo amasiya munda wake uli ndi udzu kukapalira wa mnzake kuti apeze ufa wa madzulo. Tsono mulu wa mango kapena mtolo wa nkhwani umene tikuuona pathandala si zotsala za banja lokhuta. Nthawi zambiri ndi chakudya chimene ana a pakhomopo akanadya, koma chatulutsidwa kuti chisanduke kajumbo ka ufa, mchere, sopo, kapena mbale ya feteleza wobereketsa amene akachedwa ndi sabata ziwiri zokha ntchito yonse ya chaka imalowa m'madzi.

M'limana lathu muli mayi wina wamasiye amene sitimutchula dzina, pakuti sangakondwere. Kathandala kake kali pokhotera msewu, pamene galimoto zimachepetsa liwiro. Iye amawerengera chaka chake motere: mango agula feteleza, zinanazi zigula yunifolomu ya mwana wa ku sekondale, masamba ndiwo a tsiku ndi tsiku. Chimodzi chikalephera, zinazo zimagwedezeka. Tsiku lina tinamupeza akulekanitsa bowa pa lichero, utale mbali ina, manyame mbali ina, ndipo tinamufunsa chifukwa chake manyame akuchepa chaka ndi chaka. Anatiyankha kuti, "Ana anga, utale ngwa pachulu, chulu chikakhalapo umera. Koma manyame amatsata mitengo. Mwaiona kuti mitengoyo?" Ananena zoona zimene akatswiri a zankhalango amanenanso: bowa wa mtundu umenewu amakhalira limodzi ndi mizu ya mitengo yachilengedwe monga misuku, ndipo samera pansi pa bulugamu kapena pamunda wa chimanga. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo, imene makolo athu ankaidziwa ili gudugudu, inatha pafupifupi yonse m'zaka zochepa chabe. Nkhwangwa imene inadula mtengo inachotsanso mbale imodzi pathandala la mayiyu.

Pali chinthu china chimene chikusowa pathandala, ndipo amene tinabadwa kale pang'ono timachiona msanga. Nthochi. Dera lino linkadziwika dziko lonse ndi nthochi. Akuluakulu amatisimbira za mikoko imene inkaunjikidwa m'mbali mwa njanji ku Thekerani ndi ku Sandama podikira ulendo wa ku Limbe. Nthochi inali ngati banki ya munthu wosauka, chifukwa imabereka chaka chonse: mwana akadwala, unkangodula mkoko umodzi. Kenaka kunabwera matenda a chisaka. Anayamba kuoneka m'dziko muno ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, ndipo pofika m'zaka za m'ma 2010 anali atasesa minda yambiri ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, mpaka misika ya mu Blantyre inayamba kudalira nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Kachilombo kake kamafalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toyamwa madzi a zomera timene alangizi amati nsabwe za m'mbewu. Anzathu a kumadera ena sachedwa kutiseka kuti kwa Nsabwe kunagonja ndi nsabwe! Timaseka nawo, koma nkhaniyo njowawa. Matendawa alibe mankhwala. Njira ndi kuzula phata lonse, kuliwononga, n'kubzala ana a nthochi opanda matenda. Ena ayambanso kubzala, ndipo mkoko umodzi kapena iwiri yayamba kuonekanso. Koma mabanja ambiri anataya chuma chimene chinkawachirikiza m'miyezi ya njala, ndipo katundu yense anagwera pa mango ndi masamba.

Sitingathenso kulankhula za kuchepa kwa munda wa kumbuyo kwa thandala osatchula za tiyi. Mbewu imeneyi inabzalidwa ku Mulanje mu 1891, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 inafika kuno ku Thyolo. Malo abwino ndi aakulu anakhala a maesiteti. Makolo a ambiri a ife, Alhomwe, anawoloka Ruo kuthawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi, nafika kudzakhala pa malo a azungu pansi pa thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo. Thangata linatha, koma malire a minda sanasunthe kwenikweni, pamene anthu achuluka: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma lino. N'chifukwa chake timalima m'malo otsetsereka amene makolo akanawasiyira anyani. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, nthaka ya m'malo otere inatsikira kumitsinje pamodzi ndi mbewu zake, ndipo chaka chotsatira, 2024, kunabwera ng'amba imene inachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Maesiteti amapatsa anthu ntchito, ndipo ambiri a ife tili ndi m'bale amene amathyola tiyi, sitikukana zimenezo. Tikungofuna kuti amene aima pathandala adziwe kuti mulu waung'ono umene akuuyang'anawo uli ndi mbiri yaitali kumbuyo kwake.

Tsono tiyeni tione zimene zimachitika galimoto ikaima. Galasi limatsika, mwini wake osatuluka n'komwe.

"Mayi, zinanazizo bwanji?"

Mayi amathamanga nazo, natchula mtengo.

"Aa, mwadulitsa! Kutsogoloku n'zotchipa. Tsitsani, nditenga zitatu."

"Bwana, feteleza wakwera."

"Basi, tiyeni adalaivala."

Galimoto ikayamba kusuntha, mayi amagonja. Kenaka bwana amatulutsa K5,000 n'kufunsa chenji chimene akudziwa kuti palibe, ndipo nkhani imatha ndi mawu akuti, "Ndiye onjezerani mango omwewo." Munthu yemweyo akafika m'sitolo yaikulu mu Blantyre amalipira mtengo wolembedwa pa katundu osatsegula pakamwa. Sanenerera shuga, sanenerera mafuta a galimoto. Mphamvu zake zonse zonenerera amazisungira mayi wosavala nsapato.

Chimene chimam'fooketsa mayiyu ndi dzuwa. Wogulitsa sopo akapanda kugulitsa lero, agulitsa mawa. Koma bonongwe wothyoledwa m'mawa amafota pofika madzulo, bowa sagona masiku awiri, mango akapsa onse amapsera limodzi m'mudzi monse. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'masitolo inakwera sabata yomweyo, koma mulu wa masamba sunathe kukwera chimodzimodzi, chifukwa katundu wofota alibe mwayi wodikira wogula wina. Opikula amadziwanso bwino zimenezi. Amafika m'nyengo ya njala n'kugula mtengo wathunthu wa mapeyala zipatso zisanakhwime, pa ndalama imene mwini wake akanaipeza pa madengu awiri okha akanatha kudikira.

Mneneri Amosi akanakhala pakati pathu sakanadabwa nazo. Iye sanali wa m'banja la aneneri. Anali woweta nkhosa wa ku Tekowa ndi wosamalira mitengo ya nkhuyu, munthu wodziwa fungo la chipatso chakupsa. M'mutu 8 wa buku lake Mulungu akumuonetsa dengu la zipatso za m'nyengo yotentha, ndipo akumufunsa chimene akuona. Masomphenyawa amaoneka okoma, koma m'Chihebri mawu otanthauza zipatso zimenezi amamveka mofanana ndi mawu otanthauza chimaliziro. Dengu lokongolalo linali chenjezo lakuti nthawi ya Israele yakwana. Ndipo tchimo limene mneneriyu akulitchula pomwepo ndi la pamsika: kuchepetsa muyeso, kukweza mtengo, kupotoza sikelo, kugulitsa ndi mungu womwe, ndi kupezerapo mwayi pa umphawi wa munthu mpaka kum'gula iye mwini ndi mtengo wochepetsetsa. Anthu amenewa ankasunga Sabata, koma mtima uli dyokodyoko kuti lithe msanga abwerere ku malonda. Mawu amenewa timawamva pa Misa Lamulungu la 25 pa chaka m'chaka C, ndipo kawirikawiri timaganiza za mavenda a chimanga ndi masikelo awo. Sitilakwa. Koma sikelo yopotoka ikhoza kukhalanso m'kamwa mwa wogula.

Mpingo wakhala ukunena zimenezi kwa nthawi yaitali. M'chaka chomwe chija tiyi anabzalidwa ku Mulanje, 1891, Papa Leo XIII analemba kalata yotchedwa Rerum Novarum, m'mene anaphunzitsa kuti mgwirizano wa anthu awiri sukhala wachilungamo chifukwa chongoti onse avomera, ngati mmodzi wavomera mokakamizidwa ndi usiwa kapena mantha. Iye ankanena za malipiro a antchito, koma mfundo yake ikukwanira bwino pathandala. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chiwiri, amaika m'gulu la kuba mchitidwe wosewera ndi mitengo popezerapo mwayi pa umbuli kapena mavuto a munthu wina. Nawonso aepiskopi athu, m'kalata yawo yotchuka imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, sanalankhule za ufulu wa ndale wokha. Anadandaulanso za malipiro ochepa ndi phompho limene linkakula pakati pa olemera ndi osauka. Anthu amakumbukira kuti kalatayo inatsegula njira ya matipate. Gawo lonena za thukuta la munthu wamba ndi limene silinayankhidwebe mokwanira.

Wina angafunse kuti: kodi ndiye kuti kunenerera ndi tchimo? Ayi ndithu. Kunenerera ndi mbali ya chikhalidwe chathu, ndipo pakati pa anthu ofanana ndi macheza okoma. Mayi wothyola tiyi akamabwerera madzulo atanyowa ndi mvula, naima pathandala la mnansi wake, amanenerera, amaseka, mwina amatenga nkhwani pa ngongole mpaka tsiku la malipiro. Apo palibe wopondereza mnzake. Onse awiri akudziwana mphika. Chimene tikutsutsa ndi kunenerera kwa munthu amene ndalama imene akulimbirayo sangaikumbukire n'komwe akafika kwawo, pamene kwa wogulitsayo ndiyo ikanagula ufa wa usiku umenewo. Tinenenso mosabisa kuti ogulitsa nawo si angelo onse: alipo amene amabisa bango lovunda pansi pa mulu, kapena kutchula mtengo wina akaona nambala ya galimoto yachilendo. Amosi akulankhula kwa iwonso.

Ndipo pali banyira. Sitikudziwa mwambo wina wa pamsika wokongola kuposa umenewu. Malonda atatha, ndalama italandiridwa, palibenso ngongole pakati pa awiriwo, wogulitsa amatola bango limodzi kapena kamtolo ka luni naika pamwamba. Palibe lamulo lomukakamiza. Wosauka ndiye akupatsa, ndipo akupatsa kuchokera pa zochepa zomwezo. Ife akhristu tili ndi dzina la chinthu chotere: chaulere, chisomo. Koma taonani zimene zimachitika wogula akayamba kulamula kuti, "Banyira ali kuti?" Mphatso ija yasanduka msonkho. Kusiyana kwa ziwirizi kumaoneka pankhope ya mayi wogulitsa, ndipo ife amene takhalapo pambali pake Loweruka lathunthu timakudziwa bwino.

Chodabwitsa n'chakuti mayi yemweyo, amene Loweruka analimbana ndi ogula tsiku lonse, Lamulungu m'mawa amasankha chinanazi chokongola koposa zonse, chimene chikanagulidwa msanga, nachikulunga m'nsalu kupita nacho ku tchalitchi kukapereka mtulo. Mwina sanawerengepo Deuteronomo mutu 26, koma akuchita zomwe zalembedwamo. Kumeneko Mwisraele akulamulidwa kuika m'dengu zoyamba za m'munda mwake, kupita nazo kwa wansembe, ndipo asanazitule afotokoze mbiri ya mtundu wake: kholo loyendayenda lopanda malo, ukapolo wa ku Ejipito, kulira kumene Mulungu anamva, ndi dziko limene anapatsidwa. Pambuyo pake akondwere pamodzi ndi Mlevi ndi mlendo. Mdzukulu wa anthu amene anawoloka Ruo ndi mtolo pamutu, nagwira thangata, sasowa womumasulira ndime imeneyi. Zoyamba zimaperekedwa munthu asanadziwe ngati zotsatira zidzabwera. M'menemo ndi m'mene muli chikhulupiriro chake. Kupereka pa masika, nkhokwe itadzaza, n'kwabwino, koma n'kosavuta. Ndipo bambo mfumu akamakweza mkate ndi vinyo, natchula nthaka ndi ntchito ya manja a anthu, manja ena mwa amenewo ali pa benchi lachitatu, ong'aluka ndi udzu wa m'mizere.

Lamulungu lachitatu la Adiventi m'chaka A timamva kalata ya Yakobo woyera, mutu 5, ikutipatsa chitsanzo cha mlimi amene amadikira moleza mtima zipatso za nthaka mpaka mvula yoyamba ndi yotsiriza itagwa. Ndi mawu otonthoza, ndipo alaliki amawakonda. Koma tikukupemphani kuti mukafika kunyumba mutsegule Baibulo n'kuwerenga ndime zisanu ndi imodzi zimene zili patsogolo pake, zimene pa tsikulo siziwerengedwa. Mudzapeza kuti asanauze wosauka kuti apirire, Yakobo wayamba wadzudzula olemera chifukwa cha malipiro a okolola m'minda yawo amene anawamana, nanena kuti kulira kwa anthuwo kwafika m'makutu a Ambuye. Wolalikira kupirira kwa mlimi atadumpha ndime zimenezi wang'amba tsamba pakati.

Kwa ife achinyamata nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Pali maganizo amene afala akuti munthu amene walemba mayeso a Fomu 4 sayenera kuoneka pathandala, kuti ndi ntchito ya osaphunzira. Maganizo amenewa akutilanda zambiri. Anganga athu amene amasiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha pongomuyang'ana akutha mmodzimmodzi, ndipo nzeru imeneyi sinalembedwe m'buku lililonse la kusukulu. Chaka ndi chaka timamva pa wailesi za mabanja amene agonekedwa m'chipatala chifukwa cha bowa wolakwika. Komanso wophunzira ndi amene angathandize mayi ake kuwerengera ndalama zimene zinalowa m'dimba asanatchule mtengo, kulandira malipiro pa foni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti nkhani ya chenji ithe, ndi kugwirizanitsa ogulitsa a pamalo amodzi kuti wogula asamawawombanitse mitu ndi mawu aja akuti kutsogoloku n'zotchipa. Mango amene amaolera pansi pa mitengo mu Disembala akhoza kuyanikidwa. Masamba a mfutso makolo athu ankapanga kalekale, ndipo m'chilimwe amagulidwa pa mtengo wabwino.

Pa msonkhano wathu wapitawu tinagwirizana zoyamba ndi zing'onozing'ono. Tidzapempha alangizi a zaulimi kuti adzatiphunzitse kazindikiridwe ka chisaka ndi kumene tingapeze ana a nthochi abwino, kuti limana lililonse likhale ndi kamunda kochulukitsira mbewu. Nthawi yobzala ndi ino, nthaka ikadali yonyowa. Atsikana a kwaya avomera kuperekeza anganga awiri kokazula bowa mvula ikagwanso usiku. Ndipo Loweruka likudzali, Misa ya m'mawa ikatha, tidzapita kukakonza timathandala titatu ta amayi okalamba timene madenga ake anasasuka ndi mphepo ya sabata yatha, kuti zinanazi zikamafika pachimake pa Khrisimasi asamagulitse atanyowa. Nsungwi zadulidwa kale, zili kuseri kwa tchalitchi. Amene ali ndi chikwanje kapena luzi abwere nazo, ndipo udzu wofolera tikusowabe mitolo isanu ndi umodzi.